Ndalama ku Likulu, Zipolopolo kwa Eni Mudzi

Chiyambire pomwe boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja mu Januwale 2025, kenako n'kuthetseratu bungwe la USAID, anthu ogwira ntchito yothandiza ovutika akhala akukokanakokana pa funso limodzi: kandalama kochepa katsalaka kadutse m'manja mwa yani? Ena akuti ino ndi nthawi yomanga thumba kukamwa, ndalama zizipita kwa mabungwe akuluakulu okhaokha, omwe ali ndi akatswiri owerengera chuma ndi maofesi ku Geneva, Rome ndi New York, chifukwa dola iliyonse yosowa panjira ndi mbale ya chakudya yolandidwa kwa mwana. Ena akuti ayi, popeza ndalama zachepa, zipite msanga kwa magulu a anthu a m'madera momwe muli mavutowo. Ine ndili mbali yachiwiriyi, ndipo chifukwa changa ndi ichi. M'madera a nkhondo, zimene mabungwe akuluakulu amazitcha kupewa ngozi nthawi zambiri sizichepetsa ngozi iliyonse. Amangoitula pamutu pawo n'kuisenzetsa eni dera, opanda ndi nkhata yomwe. Bungwe lofuna kupewa ngozi moona liyenera kugawana katunduyo ndi anzake a m'deralo, ndi kuwapatsa ndalama zoti aimire paokha.

Chitsanzo choonekeratu ndi dziko la Sudan. Pa 15 Epulo 2023, asilikali a boma otsogozedwa ndi Abdel Fattah al-Burhan anayamba kumenyana ndi gulu lankhondo la Rapid Support Forces (RSF) la Mohamed Hamdan Dagalo, yemwe ambiri amamudziwa kuti Hemedti. Tsiku loyamba lomwelo antchito atatu a WFP, bungwe la United Nations loona za chakudya, anaphedwa ku Kabkabiya m'chigawo cha Darfur, ndipo bungwelo linayamba laimitsa ntchito. Pasanathe masabata awiri, akazembe anali atanyamulidwa pa ndege, ndipo antchito a United Nations anatuluka mu Khartoum pa mdipiti wa galimoto kulowera ku Port Sudan, kugombe la nyanja. Sindikuwadzudzula pothawa, chifukwa mfuti ikalira aliyense amafuna moyo. Koma mzinda wa anthu mamiliyoni unatsala, ndipo njala sinathawe nawo. Amene anatsala kudyetsa anthu, kutsegula zipatala zotsekedwa ndi kuika maliro ndi achinyamata a m'makomiti a m'madera, omwewo amene anachita zionetsero zogwetsa pulezidenti Omar al-Bashir mu 2019. Anadzisonkhanitsa m'magulu otchedwa Emergency Response Rooms, ndipo iwo eni amati akungotsata mwambo wakale wa kwawo wotchedwa nafeer, womwe ife tingauyerekeze ndi dima: mnzako ntchito ikamukulira, mudzi wonse umanyamula makasu.

Khitchini za maguluwa amazitcha takiya. Ndi bwalo la mzikiti, sukulu yotsekedwa kapena khonde la nyumba ya munthu, pomwe pali mapoto akuluakulu pa mafuwa. Mumaphikidwa nyemba, mphodza kapena mpunga, ndipo anthu amafola ndi zidebe ndi mabakuli kuti akagawane kunyumba, ambiri kamodzi kokha pa tsiku. Ndalama zogulira zimachokera kwa abale okhala ku Riyadh, Cairo kapena London, komanso kwa mabungwe ochepa omwe analimba mtima, ndipo zimafika pa foni kudzera pa Bankak, njira yotumizira ndalama ya Bank of Khartoum. Mu Febuluwale 2024 netiweki itazimitsidwa m'dziko lonselo, moto unazima m'khitchini zambiri chifukwa ndalama zinalibe podutsa, mpaka achinyamata anayamba kulipira ndalama kuti agwiritse ntchito intaneti ya setilaiti ya Starlink kwa kanthawi, kawirikawiri pamalo olonderedwa ndi anthu a mfuti. Asilikali a boma amawaganizira kuti ndi a RSF, a RSF amawaganizira kuti ndi akazitape a boma, ndipo ambiri amangidwa, kumenyedwa ndi kuphedwa. Thandizo la America litaima mu 2025, khitchini mazanamazana zinatsekedwa m'masabata ochepa. Chaka chomwecho maguluwa analandira mphoto za Rafto ndi Right Livelihood. Mphoto n'zabwino, koma sizigula thumba la nyemba mwezi ndi mwezi.

Chodabwitsa n'chakuti palibe wotsutsa poyera kuti eni dera ndi ofunika. Mu Meyi 2016, pa msonkhano waukulu wa ku Istanbul, mayiko opereka thandizo ndi mabungwe akuluakulu anasainirana pangano lotchedwa Grand Bargain, lakuti pofika 2020, 25 peresenti ya ndalama zothandizira anthu pa ngozi izipita kwa mabungwe a m'mayiko okhudzidwawo mosadutsa m'manja ambiri. Malinga ndi bungwe la Development Initiatives, mu 2022 ndalama zomwe zinapita kwa iwo mwachindunji zinali 1.2 peresenti yokha. Samantha Power ali mkulu wa USAID analonjezanso 25 peresenti yomweyo mu 2021, ndipo bungwelo linatha lisanafikepo. Pomwe ndalama zikukanirira kumwamba choncho, imfa imatsikira pansi. United Nations inalengeza kuti mu 2024 antchito othandiza anthu 383 anaphedwa padziko lonse, ndipo ochuluka zedi anali nzika za mayiko omwe ankagwiramo ntchitowo. Mu Epulo 2025, RSF italowa mu msasa wa anthu othawa nkhondo wa Zamzam ku Darfur, komwe kunalengezedwa njala yoopsa mu Ogasiti 2024, inapha antchito asanu ndi anayi a Relief International pa chipatala chawo. Amenewo anawerengedwa chifukwa anali ndi chitupa cha bungwe lodziwika. Wophika wa pa takiya akaphedwa pa msika pogula makala, kawirikawiri salowa m'kaundula aliyense, ndipo banja lake silikhala ndi inshuwalansi yoti lilire nayo.

Tsono timve otsutsa. Mfundo yawo yoyamba, yomwe ndi yamphamvu kuposa zonse, ndi yakuti ndalama zidzabedwa. Amati gulu lopanda akaunti ya ku banki, lopanda wolondoloza mabuku a chuma, lomwe mwina silinalembetsedwe n'komwe ku boma, ungalipatse bwanji ndalama za misonkho ya anthu a ku Germany kapena Norway? Ife a ku Malawi sitingaseke mantha amenewa. Tinaona ndi maso athu mu 2013 momwe ndalama za boma zinatulukira ku Capital Hill pa nkhani ya Cashgate, ndi momwe opereka thandizo anatsekera mpopi wa ndalama za mu bajeti. Kuba kulipo, ndipo mabungwe a m'thumba, ongokhala ndi chikwangwani ndi chidindo, tonse timawadziwa. Koma funso loyenera ndi lakuti kodi njira inayo ndi yoyera? Mu Juni 2023, USAID ndi WFP anaimitsa chakudya m'dziko lonse la Ethiopia atapeza kuti chikupatutsidwa mochuluka, ndipo chakudya chimenecho chinkadutsa m'ndondomeko yaikulu yokhala ndi mafomu onse. Ku Congo, komiti yofufuza inapeza mu 2021 kuti anthu 83 ankaganiziridwa kuti anachitira amayi nkhanza zogonana pa nthawi ya Ebola, ndipo 21 mwa iwo anali olembedwa ntchito ndi WHO. Choncho ukulu wa bungwe si katemera woletsa zoipa. Kusiyana kwake n'kwakuti bungwe lalikulu likalakwa amati ndi antchito ochepa oipa, limapepesa, chaka chamawa n'kulandiranso ndalama. Kabungwe kakang'ono kakasowetsa lisiti limodzi amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo dziko lonse limalembedwa m'buku la osadalirika.

Pamwamba pa apo, tiyenera kufunsa kuti mapepala amene amafunidwawo amateteza yani. Lamulo lakuti usanagule chinthu upeze mitengo kwa ogulitsa atatu ndi lanzeru mu ofesi ya ku Lilongwe kapena Nairobi. Pa msika wa ku Omdurman, mzinda woyandikana ndi Khartoum, pomwe wogulitsa nkhuni ndi mmodzi, alibe chidindo, ndipo mabomba akugwa, lamulo lomwelo limangophunzitsa anthu achilungamo kupeka malisiti. Wakuba weniweni ndiye amadziwa kulemba lipoti lokongola kuposa onse. Pomwe pa takiya, wolondoloza chuma ndi mayi wofola ndi chidebe uja. Amadziwa kuti ndalama zafika liti, amadziwa mtengo wa nyemba, amadziwa kwawo kwa wophika ndi amayi ake omwe. Poto akachepa, funso limafika tsiku lomwelo, osadikira chaka kuti katswiri atsike ndege. Sindikunena kuti maso a anthu alowe m'malo mwa mabuku, ayi. Ndikunena kuti njira zilipo zolondolozera ndalama mosapha ntchito: kupereka pang'onopang'ono n'kumaonjezera akaonetsa kukhulupirika, kuvomera zithunzi ndi mauthenga a pa foni ngati umboni, kulemba poyera ndalama zomwe zalandiridwa kuti anthu onse aone, ndiponso kugwirizana kusanapse kuti katundu akalandidwa ndi asilikali pa roadblock, wolipira akhale yani. Pakadali pano, m'mapangano ambiri yankho limakhala lakuti bungwe laling'onolo libweze, ngati kuti ndilo linagwira mfuti.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti eni dera ali ndi mbali. Amati munthu wa m'deralo ali ndi mtundu wake, chipembedzo chake ndi ndale zake, kotero akhoza kudyetsa akwawo n'kumana ena, kapena kuumirizidwa ndi mkulu wa asilikali yemwe amadziwa komwe ana ake amagona. Izi n'zoona ndithu, ndipo pa nkhondo ya mitundu monga ya ku Darfur si nkhani yoipeputsa. Pali ntchito zina, monga kuyendera akaidi a nkhondo kapena kukambirana ndi mbali zonse ziwiri kuti galimoto zidutse, zomwe mlendo monga ICRC, bungwe la Red Cross la padziko lonse, amazichita bwino chifukwa chakuti ndi mlendo. Komabe n'kulakwa kuganiza kuti bungwe lalikulu limakhala lopanda womugwira mwendo. Mabungwe a United Nations ku Sudan amadikira chilolezo cha boma, lomwe linasamukira ku Port Sudan nkhondo itayamba, kuti apeze ma visa ndi kuti adutse malire, ndipo chipata cha Adré cha ku malire ndi Chad chinakhala chotseka kwa miyezi ingapo mu 2024 anthu a ku Darfur akufa ndi njala. Kumeneko ndi kumangidwa manja ndithu, kungoti chingwe chake ndi cha mapepala. Ndiponso ngati vuto ndi lakuti eni dera amaopsezedwa, mankhwala ake ndi kuwateteza: ndalama zosamutsira munthu amene dzina lake latchulidwa, foni zodalirika, chithandizo cha kuchipatala, ndi mawu amphamvu a mabungwe akuluakulu kwa omenyanawo akuti awa ndi anzathu, mukawakhudza mwakhudza ife. Kugwiritsa ntchito munthu chifukwa amafika pomwe iwe sungafike, kenako n'kumukana chifukwa amakhala pomwepo, ndi chinyengo.

Mfundo yachitatu ndi ya malamulo. Mayiko opereka thandizo ali ndi malamulo oletsa ndalama kufika kwa zigawenga, ndipo mabanki amaopa zindapusa, kotero amangotseka maakaunti a aliyense wotumiza ndalama ku dera lokayikitsa, monga banki ya Barclays inafunira kuchita ndi makampani otumiza ndalama ku Somalia mu 2013. Wogwira ntchito ku likulu akati manja anga ndi omangika, sakunama. Koma tikumbuke mtengo wa kusamala kotereku. Mu njala ya ku Somalia ya 2011 munafa anthu pafupifupi 260,000, theka lawo ana osakwana zaka zisanu. Gulu la zigawenga la al-Shabaab linali ndi mlandu waukulu poletsa mabungwe kulowa m'madera ake, koma mantha oti thandizo likhoza kugwera m'manja mwake anachedwetsanso ndalama, ndipo America inafewetsa malamulo ake njala italengezedwa kale, anthu ochuluka ali m'manda. Pa mabuku a wopereka thandizo, ndalama zosatumizidwa zimaoneka ngati ngozi yopewedwa, chifukwa palibe mzere wolembapo anthu amene anafa podikira. Mu Disembala 2022, Security Council, nthambi ya United Nations yoona za chitetezo, inavomereza chigamulo nambala 2664, chopatula ntchito yothandiza anthu ku zilango zolanda chuma za United Nations. Khomo linatsegulidwa pang'ono. Chotsala ndi chakuti maloya a mabungwe akuluakulu agwiritse ntchito luso lawo kutsegulira njira anzawo aang'ono, m'malo mongolemba ndime zowateteza iwo eni.

Yachinayi sindichedwapo, chifukwa ndi nyimbo yakale: akuti eni dera alibe luso, ayambe aphunzitsidwa. Tonse tikudziwa mathero ake. Masiku atatu ku hotela ya kunyanja, alawansi, tisheti, chithunzi cha gulu, basi. Munthu amene wadyetsa anthu zikwi kwa zaka ziwiri pakati pa zipolopolo sasowa phunziro la momwe angadziwire zosowa za dera lake. Chimene amasowa ndi ndalama zolipira wowerengera chuma wake, lendi ya ofesi, mafuta a njinga yamoto ndi mayunitsi. Mabungwe a United Nations ndi anzawo akuluakulu amadula kagawo, kawirikawiri pafupifupi 7 peresenti, pa thandizo lililonse kuti ayendetsere maofesi awo, ndipo n'koyenera kutero. Koma kwa zaka zambiri kagawo kameneka sikankatsikira kwa wogwira ntchito yeniyeniyo. Ndikukumbukira mnzanga wina wa kabungwe ka kumudzi, namondwe wa Freddy atawononga kum'mwera kwa Malawi mu Marichi 2023. Anapatsidwa ntchito yogawa katundu ndi bungwe lina lalikulu, mgwirizano wa miyezi itatu, bajeti yake yolemba matumba ndi zidebe koma yopanda mzere wa malipiro a wosunga mabuku. Usiku ankadzaza yekha mafomu pa foni, akutchaja pa kasola ka mnansi. Mgwirizano utatha, lipoti linati bungwe lake ndi lofooka pa kasungidwe ka mabuku. Kwathu kuno kulibe nkhondo, koma kachitidwe kake n'kamodzimodzi, ndipo amene anayamba kukumba matope ku Chilobwe ndi makasu ndi manja anali anansi, galimoto zoyera zisanafike.

Pali mfundo yachisanu yomwe imandivuta kuposa zinazi, ndipo imachokera kwa anthu okonda maguluwa, osati odana nawo. Iwo amati ndalama zambiri zidzawononga chinthu chokongola. Achinyamata a dima akayamba kulandira malipiro, kulemba mapulojekiti ndi kuyankha kwa bwana wa kunja m'malo mwa anansi awo, adzasanduka kabungwe wamba kolimbirana ndalama, ndipo anthu a mfuti akamva fungo la madola adzawazungulira ngati ntchentche. Apa sindingayankhe mwamatama, chifukwa taonapo makomiti a kumudzi omwe ankagwira ntchito mwaulere akutha mphamvu tsiku lomwe alawansi inalowa. Koma taonani kumene mfundoyi imatifikitsa tikaitsata mpaka kumapeto: kuti pofuna kusunga kuyera mtima kwa osauka, tiwasiye aziphika ndi manja opanda kanthu, pomwe ife olankhula za kuyera mtimako tikulandira malipiro mwezi uliwonse. Ngozi imene akuinenayo imabwera ndi kaperekedwe ka ndalama. Ikabwera mulu umodzi, ndi mitu ya ntchito yosankhidwa kunja, ndi lamulo loti gulu lisinthe maonekedwe kuti lifanane ndi wopereka, imaphadi. Ikabwera pang'onopang'ono, modalirika kwa zaka zingapo, kudzera m'makomiti omwe maguluwo anadzipangira okha ogawa ndalama pakati pa madera, ndipo iwo eni n'kumasankha ngati mwezi uno chofunika ndi nyemba, mankhwala a kolera kapena kusamutsa mabanja, imalimbitsa zomwe zilipo kale. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo a ku Sudan anatsekula kale, njira yolandirira ndi kugawa anaikonza okha nkhondo ili mkati.

Sindikufuna kuti WFP itsekedwe kapena kuti MSF, bungwe la madokotala othandiza pa ngozi, lipakire. Palibe takiya ingabweretse sitima ya tirigu pa doko kapena kuyendetsa chipinda cha opaleshoni popanda zipangizo. Chimene ndikufuna n'chakuti pa mgwirizano uliwonse wa pakati pa bungwe lalikulu ndi gulu la m'dera la nkhondo, pakhale mafunso amene panopa salembedwa. Mnyamata woyendetsa ngolo ya bulu yonyamula madzi akavulala, amulipirira chipatala ndani? Wophika akamangidwa, aimba foni kwa mkulu wa asilikali ndani? Wopereka thandizo akasintha maganizo usiku umodzi, monga zinachitikira mu Januwale 2025, gululo lipatsidwa miyezi ingati yokonzekera lisanauze anthu a pa mzere kuti mawa musabwere ndi zidebe? Tom Fletcher, mkulu woona zothandiza anthu pa ngozi ku United Nations, ananena mu 2025 kuti ntchitoyi iyenera kukonzedwanso ndi kuti ndalama zambiri za m'mathumba omwe opereka thandizo amasonkhamo pamodzi pothandiza dziko lililonse zizipita kwa eni dera. Mawu otere tinawamva ku Istanbul mu 2016, ndipo patapita zaka zisanu ndi chimodzi chiwerengero chinali pa 1.2 peresenti. Ulendo uno ndidzakhulupirira ndikadzaona mzere wa inshuwalansi ya wophika wa ku Omdurman mu bajeti yomweyo imene muli tikiti ya ndege ya mlangizi wochokera ku Geneva.